Kamzere Kachikasu pa Kompyuta ya Azakhali

1. Kompyuta yovala chitenje

Mu Januwale wa chaka cha 2023, mvula ili pakati, Olívia anali ku Zóbuè kwa azakhali ake a Argentina. Anali ndi zaka 17. Kwawo kunali ku Moatize, kumene bambo ake, a Agostinho, ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha. Ku Zóbuè anabwera kudzakhala tchuthi ndi kuthandiza m'shopu.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi pafupi ndi chipata cha malire. Munali makina okopera mapepala, makina osindikizira, mabenchi awiri ndi kompyuta imodzi. Madalaivala a mathiraki ankalowamo tsiku lonse kudzasindikiza mapepala a katundu asanapite nawo kwa akuluakulu a pa malire.

Kompyutayo anagula ndi bambo ake a Olívia mu 2013, pamene kampani ina yomanga nyumba ku migodi inkatseka ofesi. A Argentina ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo potseka shopu ankaiveka chitenje chake chake, chimene munthu sankaloledwa kuvala. Fumbi silinkaidziwa kompyuta imeneyo. Za m'kati mwake ankazisiya m'manja mwa Mulungu ndi mwa Denise.

Denise anali wantchito wa m'shopumo. Kwawo kunali ku Mualadze, kumene banja lawo linasamutsidwira mgodi utafika pa minda yawo. Anali atagwira ntchito kwa a Argentina zaka zisanu, ndipo malipiro ake ndiwo ankadyetsa mwana wake wamng'ono, amene ankakhala naye ku Zóbuè, ndi amayi ake kumudzi.

Pa shopupo panali chizolowezi. Madalaivala ambiri anali ndi imelo yolandirira mapepala kuchokera kwa mabwana awo, koma senha, mawu achinsinsi otsegulira imeloyo, sankaisunga m'mutu. Ankaiuza Denise tsiku loyamba, iye n'kuilemba, ndipo navegador, pulogalamu yolowera pa intaneti, inkaikumbukira. Kuyambira pamenepo dalaivala ankangoima pakhomo n'kunena kuti, "Mana Denise, tanditsegulirani yanga." Kumeneko mana ndiye kuti achemwali. Senha zoposa makumi atatu zinkagona m'kompyutamo.

Olívia anali ataphunzira za kompyuta kwa miyezi itatu ku Moatize. Satifiketi yeniyeni inatsala kunyumba, koma pakhoma la shopu panali kope yake yokulitsidwa kawiri, popeza makina analipo.

Tsiku lina Denise anamuitana.

"Olívia, taona kamzere kachikasu aka pamwambapa. Kakubwera tsiku lililonse. Kakuti kompyutayi siidzalandiranso zinazake. Ndiye kuti chiyani?"

Pa benchi panali madalaivala anayi. Mmodzi anali a Silvino, amene ankanyamula simenti ndipo ankakonda kucheza.

"Musiyeni mwana wa sukulu atiwerengere," anatero a Silvino. "Ife sukulu yathu inathera pa chiwongolero."

Olívia anawerenga kamzereko kawiri. Ku maphunziro aja anaphunzira kulemba makalata ndi kukonza matebulo. Za kamzere kachikasu palibe anawauza. Anayang'ana azakhali ake, amene anali ataima pansi pa satifiketi ija akumwetulira.

Anadina kamtanda ka pakona, kamzereko n'kuzimirira.

"Palibe kanthu," anatero. "Akungotsatsa malonda."

"Mwaona?" anatero a Argentina. "Mphindi imodzi sinakwane."

2. Zimene ananena a Horácio

Lachisanu lotsatira kunabwera a Horácio. Anali bambo wachikulire amene kale ankakonza makompyuta m'maofesi a ku migodi. Atapuma ntchito, ankakwera shapa, minibasi yonyamula anthu, milungu iwiri iliyonse kuchokera ku Moatize kudzagula mbatatesi ndi kabichi ku Zóbuè, ndipo ankadutsa pa shopupo kudzapereka moni.

Tsikulo a Argentina anali ku maliro. Denise anali atapita kukagula mapepala. Olívia anali yekha, ndipo kamzere kaja kanali katabweranso.

A Horácio anaika thumba pansi, navala magalasi, nawerenga. Kenako anakoka benchi.

"Khala pansi, mwana wa Agostinho. Azakhali ako ukawauze zonse monga ndikukuuzira.

"Ukuikumbukira kampu ija ya pa njira ya ku Benga, ya nyumba zoyera? Nthawi imene malasha anali pa mtengo, pamenepo panali alonda usana ndi usiku. Waya wa mpanda akaduka m'mawa, masana amakhala atalumikiza. Kenako eni ake anachoka, alonda n'kuchotsedwa. Nyumba sizinagwe. Zitseko zinkatsegukabe bwinobwino, mipopi inalipo, utoto unali wowala. Munthu wodutsa ankaona ngati zonse zili m'malo. Koma waya ankati akaduka, ankakhala choncho. Amene ankadziwa pamene paduka ndi akuba okha, ndipo ankauzana.

"Kompyuta iyi ndi kampu imeneyo. Imayendera Windows 7, ndipo eni ake anasiya kale kuisamalira. Amene anatsala akulondera anali a navegador, ndiye kamzereka ndi kalata yawo yotsanzika. Mawa idzayaka. Chaka chamawa idzayakanso. N'chifukwa chake anthu sakhulupirira. Koma mpata uliwonse umene akuba a pa intaneti aupeze kuyambira pano, palibe adzautseke.

"Tsono uwauze kuti senha zonse za madalaivala zichotsedwemo lero. Aliyense asunge yake, kaya alemba pa kapepala n'kuika m'chikwama, zili kwa iye. Imelo asiye kutsegulira pano mpaka ndibwere. Pakatha milungu iwiri ndibweretsa sistema ina yaulere yolowa m'malo mwa Windows 7, imene imayenda pa makina okalamba, ndipo imeneyo ikusamaliridwabe. Sitigula kompyuta ina ayi.

"Ndipo iwe, popeza zala zako ndi zachangu, ndimve bwino. Ukaona tsamba likulonjeza kuti lichotsa vutoli ukangodina batani, usadine. Anthu okonza zinthu sakuthamangira. Amene amakuthamangira ndi amene amva kuti alonda achoka."

"Ndamva, tiyu," anatero Olívia, powatchula mwaulemu ngati amalume.

"Wamva zingati?"

Olívia anabwereza zonse osaphonya. Pa kubwereza ankakhoza nthawi zonse.

3. Moni yekha

A Argentina anafika dzuwa likupendeka, mapazi ali matope.

"Ndamva kuti kunabwera a Horácio. Amati chiyani?"

Denise anali pomwepo akulongedza mapepala. Pa benchi panali dalaivala mmodzi mwa anayi aja amene anamva Olívia akunena kuti palibe kanthu.

"Amangopereka moni," anatero Olívia.

"Munthu wabwino," anatero a Argentina, navula nsapato.

Loweruka linadutsa. Lamulungu anapita ku Misa, ndipo Olívia anaimba nawo m'kwaya. Lolemba madalaivala asanu ndi awiri anatsegulitsa imelo zawo, iye ali pambali akusanja mapepala.

Lachiwiri pa 17, mwana wa Denise anadzuka ndi malungo. Denise anapempha kuti apite naye ku chipatala, ndipo a Argentina anamulola. Masana iwonso anatuluka kukaona munda wawo wa chimanga. Shopu inatsala ndi Olívia.

Anali atapeza njira. Kamzereko kakanachoka kotheratu, sipakanakhala chonena. A Horácio akanadzapeza zonse zili bwino, ndipo mwina akanamuyamikira.

Analemba pa intaneti kuti akufuna navegador yatsopano ya kompyuta yakale. Panabwera masamba ambiri. Tsamba lachitatu linali ndi batani lalikulu lobiriwira, ndipo linkalonjeza chitetezo chonse, kwaulere, m'mphindi ziwiri. Linalinso ndi wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo, yosonyeza kuti mwayiwo utha posachedwa.

Olívia anayang'ana kukhomo. Kunja mvula inkawaza pa matenti a mathiraki.

Anadina. Kompyuta inamufunsa ngati akuvomera kuti pulogalamuyo isinthe zinthu m'kati. Anavomera.

Itayakanso, kamzere kachikasu kunalibe. Anatsegula navegador katatu kuti atsimikize. Potseka shopu, iye ndiye anaiveka chitenje kompyutayo, n'kuwongola m'makona.

M'mawa mwake Denise anati, "Lero ikuchedwa bwanji? Ikuyenda ngati thiraki yodzaza pa chitunda."

"Ndi mvula," anatero Olívia. "Intaneti imavuta kukagwa mvula."

4. A Silvino abwera wapansi

Patatha masiku asanu ndi atatu, a Silvino analowa m'shopu opanda thiraki ndiponso opanda nthabwala.

"Dona Argentina, ndikufuna tilankhule pamaso pa wantchito wanu."

Anafotokoza ataimirira. Munthu wina analowa mu imelo yawo n'kusintha senha. Kenako analembera bwana wawo m'dzina lawo, kunena kuti thiraki yafera pa njira ndipo atumize thandizo mwamsanga ku nambala yachilendo. Bwanayo anatumiza. Atazindikira kuti thiraki sinafe, anawalanda makiyi a Silvino mpaka nkhaniyo imveke.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndikuyendetsa, thumba la simenti ngakhale limodzi silinasowepo. Lero akundiyang'ana ngati mbava. Senha imeneyo ngakhale mkazi wanga saidziwa. Ine mwini wake sindiikumbukira. Amaidziwa ndi munthu mmodzi."

Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa.

Dzuwa lisanafike pamutu kunabwera madalaivala ena awiri ndi nkhani yofanana. Anthu anayamba kuima pakhomo. Mayi wogulitsa nthochi anasuntha dengu lake kuti amve bwino.

"Denise," anatero a Argentina, "ndiuze pano. Senha za anthu unapatsa ndani?"

"Sindinapatse munthu, Dona."

"Nanga zinatuluka zokha? Kompyutayi ili ndi miyendo?"

"Sindikudziwa. Mwina kamzere kaja..."

"Kamzere kaja Olívia anakaona, ndi malonda. Si choncho, Olívia?"

Maso onse anatembenukira kwa iye. Olívia anali atagwira mulu wa mapepala pachifuwa.

"Kanachoka kale," anatero.

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinathandiza bodza kuposa bodza lenileni.

A Argentina anatembenukira kwa Denise. Kenako analankhula motsitsa.

"Zaka zisanu ndakusunga ngati mwana wanga. Sindikupititsa ku polisi chifukwa cha kamwana kako. Koma anthuwa sangalowenso muno iwe uli pa mpando umenewo. Tenga zako."

Denise sanalire. Anatenga ambulera, kapu yake ndi chithunzi cha mwana chimene chinali pa khoma. Kiyi wa shopu anamuika pa tebulo. Atafika pakhomo anabwerera, napita kwa Olívia.

"Makina okoperawa akagwira pepala usamakoke. Uzitsegula kachitseko ka kumbaliku, n'kuzungulitsa kagudumu kobiriwira. Ukakoka ung'amba, ndipo azakhali ako akukalipira."

"Chabwino, mana."

"Usadandaule. Si iwe."

Anatuluka, natsegula ambulera, ngakhale mvula inali itasiya.

Tsiku lotsatira m'shopu munalowa anthu atatu okha, onse odzakopetsa ziphaso. Pepala linagwira m'makina kawiri. Olívia anatsegula kachitseko ka kumbali n'kuzungulitsa kagudumu kobiriwira, ndipo pepala linatuluka losang'ambika. Chakudya chamasana sanadye. Azakhali ake anati mwina nayenso akuyamba malungo.

5. Tsiku ndi ola

Lachisanu a Horácio anafika monga analonjezera. A Argentina anali kuseri akulankhula pa foni, koma a Horácio nkhani ya Denise anali ataimva kale pa siteji ya shapa.

Sanafunse chilichonse. Anazula waya wa intaneti, nakhala pa mpando wa Denise, natsegula mndandanda wa mapulogalamu. Anatsika nawo pang'onopang'ono mpaka chala chawo chinaima.

"Bwera uone."

Olívia anayandikira.

"Aka si navegador. Ndi kakuba kovala malaya a navegador. Ntchito yake ndi kutola senha zonse zosungidwa n'kuzitumiza kwa mwini wake. Kompyuta imalemba tsiku limene chinthu chalowa. Werenga."

"Pa 17 Januwale."

"Ola?"

"Itangokwana 2 koloko masana."

"Pa siteji akuti tsiku limenelo Denise anali pa mzere ku chipatala, mwana ali kumsana. Anamuona anthu ambiri." A Horácio anavula magalasi. "Uthenga wanga unafika kwa azakhali ako?"

Olívia anayang'ana pansi.

"Ndikhoza kuwauza ine," anatero a Horácio. "Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Koma ndikawauza ine, iwe udzakhala munthu amene anagwidwa, ndipo dzina limenelo silichoka msanga. Ndikupita kukasankha kabichi. Ndimachedwa posankha, ogulitsa amandidziwa. Ndikabwera ndidzayamba ndi kufunsa azakhali ako zimene akudziwa."

Anatenga thumba lawo natuluka.

A Argentina analowa akupukuta foni ndi nsonga ya chitenje.

"Apita kuti a Horácio? Apeza chiyani?"

"Azakhali, khalani pansi."

"Ndikhale pansi m'shopu mwanga momwe?"

"Si mana Denise. Ndine."

Ananena zonse motsatana: kuti kamzere kaja sankakadziwa, kuti a Horácio anasiya uthenga iye n'kuubisa, kuti anadina batani limene anauzidwa kuti asadine. Mawu ankatuluka aang'ono, koma sanasiye mpaka anafika pa tsiku limene Denise anaika kiyi pa tebulo.

A Argentina anakhala pa benchi ya madalaivala. Anayang'ana kompyuta ija.

"Ukanati sindikudziwa, chikanachitika n'chiyani?" anafunsa. "Silvino akanaseka. Mwina akanakuseka mpaka Pasaka. Basi. Ine ndagulitsa pa malire pano zaka makumi awiri, ndipo mawu akuti sindikudziwa ndimawanena tsiku lililonse. Sanandichotserepo kasitomala ngakhale mmodzi.

"Kudina batani sindikukuimba nako mlandu kwambiri. Ndiwe mwana, ndipo anthu amenewo ntchito yawo ndi kunyenga. Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinasunga makiyi a anthu makumi atatu m'nyumba imene sindinkadziwa kuti ilibe chitseko, ine n'kumangopukuta fumbi. Ndinakukweza pa khoma usanafike pokwera. Zimenezo ndi zanga, ndipo ndikaziyankha ndekha kwa madalaivala.

"Koma Lachitatu unali apo. Unamuona mtsikana uja akutenga kapu yake. Ndinakufunsa, iwe n'kundipatsa yankho loti ndimuchotse. Ndamutcha wakuba pamaso pa msika wonse, ndi pakamwa panga, chifukwa cha iwe. Pa malire pano mbiri imakwera thiraki. Pofika lero yafika ku Moatize, mawa ili ku Tete. Ndani adzamulembenso ntchito?"

Olívia analira mosatulutsa mawu. Azakhali ake sanamutonthoze, komanso sanamukalipire. Anaimirira, namatula kope ya satifiketi ija pa khoma, naipinda kanayi, namupatsa.

"Sunga. Udzaipachika wekha ikadzakukwana. Tsopano vala nsapato, tikupita kwa Denise."

6. Mpando wa m'shapa

Denise ankachita lendi kachipinda kuseri kwa tchalitchi. A Argentina ndi Olívia anapeza chitseko chili chotsegula, m'kati mulibe mphasa kapena ndowa. Mwini nyumba anali panja akuchapa.

"Wapita dzulo m'mawa ndi mwana," anatero mayiyo. "Akuti kwa amayi ake ku Mualadze. Anati kuno sangayendenso pa msewu."

A Argentina anayesa foni katatu. Inali yozima.

Atabwerera ku shopu anapeza a Horácio atakhala pakhomo ndi kabichi wawo. Anayang'ana nkhope ya Olívia, nayang'ana pa khoma pamene panali satifiketi, ndipo sanafunse funso lija.

"Kompyuta ndiikonza Lolemba," anatero. "Isayatsidwe. Madalaivala onse auzidwe lero kuti asinthe senha zawo pa foni."

"Ndiwaimbira mmodzimmodzi," anatero a Argentina. "Koma uyu mupite naye. Akagone kwa bambo ake ku Moatize, awauze yekha, ndipo mawa bambo akewo amuperekeze ku Mualadze. Akalankhule pamaso pa Denise ndi amayi ake. Akamuuze kuti kiyi wake ali pa tebulo pomwe anamusiya, ndipo ine ndidzapepesa pa khomo la shopu, pamene ndinamunyozera."

"Akakana kubwera?" anafunsa Olívia.

"Akhoza kukana. Ameneyo ndi ufulu wake."

Shapa ya ku Moatize inali itatsala pang'ono kudzaza. A Horácio anapatsidwa mpando wa kutsogolo chifukwa cha msinkhu wawo. Olívia anawerama n'kulowa kumbuyo, kumene kunatsala malo amodzi, pakati pa zenera ndi bambo wina amene anali atayang'ana kumbali.

Bamboyo anatembenuka, nachotsa chikwama chake pa mpandowo. Anali a Silvino, akupita kukaonekera kwa bwana wawo.

"Mwana wa sukulu," anatero, akuyesa kumwetulira. "Khala apa, ulendo ndi wautali. Tandiuza, wakuba uja wavomera?"

Kondakitala anatseka chitseko, ndipo shapa inanyamuka.